Maliro a chipani pakhomo pa Atcheya

Loweruka lapitali ndinakhala pa maliro opanda womwalira. Ndinavula chipewa, ndinakhala pa benchi, ndinamvera mbiri ya malemu mpaka kumapeto, ndipo penapake misozi inalengeza m'maso mwanga. Musafulumire kunena kuti mlembi wanu wayamba kulawa za m'mabotolo dzuwa lisanakwere. Ndinali bwinobwino, ndipo mboni zilipo.

Ine ndimakhala ku Kawale, m'nyumba ya lendi yogundana mpanda ndi ya Bambo Kanyemba. Amene mumadutsa njira yotsikira kumsika mukuwadziwa: mdala wamtali wa ku Ntcheu, wokhoma ndowa ndi mbaula pansi pa mtengo wa mango, amene nyundo yake imatidzutsa m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu. Koma dzina loti Kanyemba amalitchula ndi anthu ochepa. Kwa ife tonse iwo ndi Atcheya, chifukwa chiyambire ndale za zipani zambiri, ndiwo wapampando wa nthambi ya chipani china kuno kwathu.

Chipanicho sindichitchula, pakuti mkonzi wanga ali ndi ana oti aphunzitse. Ndingoti ndi chipani cha dziko lonse, chokhala ndi likulu lake, mtsogoleri wake wa suti, ndi mbendera yake. Mbenderayo imakupiza pa nsungwi yomangirira pamwamba pa mango wa Atcheya, ndipo inasuluka ndi dzuwa moti mtundu wake umachita kufunsa kwa eni ake.

Nthambi ya Atcheya imadziwika ndi chinthu chimodzi: chibadwire chake sinawinepo chisankho m'dera lathu lino.

Koma ulendo uno zinkaoneka ngati zitheka. Anaimika munthu wa konkuno, woti ngakhale ana amamupatsa moni pomutchula dzina. Misonkhano yawo inkadzaza. Tsono pa msonkhano womaliza, pabwalo la sukulu, Atcheya atagwira chimkuzamawu, magazi a Chingoni anawira. "Anzathu aja akonzeretu bokosi!" anakuwa motero. "Tsiku lovota tikuika maliro a chipani chawo kuno ku Kawale!"

Amayi anaimba nthungululu, anyamata anaimba malikhweru. Ine ndili cha kumbuyo ndinangokumbukira mawu a akulu aja akuti linda madzi apite ndiye uziti ndadala.

Madzi anapitadi, ndipo anapita ndi Atcheya. Wailesi italengeza, munthu wawo anakhala wachiwiri. Wachiwiri pa chisankho ali ngati wachiwiri pofunsira mbeta, amangomvera kutali ng'oma za ukwati wa mnzake.

Tsono Loweruka lija, cha m'ma kadzutsa, ndili pakhonde kupolisha nsapato, ndinamva nyimbo ya maliro ikuchokera cha kumsika. Koma inali nyimbo yachilendo. Mawu ake anali a maliro ndithu, koma mkati mwake munali wezulo, malikhweru ndi phwete. Posakhalitsa gulu linatulukira pakona. Amuna anayi anali atasenza chikatoni chachitali pa nsungwi ziwiri, atachifunditsa chitenje cha chipani cha Atcheya, nkhope ya mtsogoleri wawo ikuyang'ana kumwamba. Patsogolo panali Yobu, uja amagulitsa kaunjika pakhomo lolowera mumsika, mwamuna wa mawu oti safuna chimkuzamawu. Iyeyu ndi mkulu wa achinyamata a chipani chimene chawina.

Mayi a kunyumba anasuzumira pakhomo, n'kuona, n'kundiyang'ana. "Lowetsani ana," anatero. "Ndipo magalasi a mawindo mwaika mwezi wathawu, atsanzikeni."

Sankanena nthabwala. Mpanda wathu ndi wa udzu, ndipo pali pobooka pamene nkhuku zimadutsira. Nditasuzumira pamenepo ndinaona Limbani, mwana wotsiriza wa Atcheya, ali ndi anzake a m'nthambi. Chilengezere zotsatira anyamatawa ankangokhala kuseri kwa nyumbako, nkhope zili gwaa, pafupi ndi mulu wa njerwa zimene Atcheya akusungira khitchini. Pamene nyimbo inkayandikira, aliyense anawerama n'kutola chidutswa chake.

Mwamva nokha zimene zachitika m'madera ena sabata yomweyi. Nyumba zapsa, anthu athawa m'malo amene akhalamo zaka ndi zaka. Ndinene mosabisa, ndinachita mantha. Ndinaona kuti magazi akhetsedwa panjira pathu pomwepa, pakati pa anthu otunga madzi pa mpopi umodzi.

Gulu lija linaima pageti pa Atcheya n'kutsitsa chikatonicho pansi.

"Odi kuno, Atcheya!" anakuwa Yobu. "Munaoda bokosi, ife tabweretsa. Deliveri yaulere, madala! Tulukani mudzalandire bodi!"

Gulu lonse linafa nacho chikhakhali.

Limbani anatulukira pakona pa nyumba, dzanja lili kumbuyo. "Iwe Yobu, chotsa nyansi zakozo pakhomo pano," anatero. "Apo ayi, lero wina agonamo zenizeni m'katonimo."

Kuseka kunatha. Ena a m'gulu la Yobu anayamba kuyang'ana pansi, osati chifukwa cha manyazi, koma kufunafuna miyala.

Nthawi yonseyi Atcheya anali pansi pa mango, ndowa ili pakati pa miyendo. Anaika nyundo pansi, anapukuta manja pa ovolosi, n'kuyang'ana chikatoni chija nthawi yaitali. Kenaka anatola chikwanje.

Ha! Mukanaona mmene anthu anabwererera m'mbuyo. Mayi wina anaponya wezulo n'kuliyatsa liwiro.

Koma mdalayo sanayang'ane munthu. Anatembenukira ku mango wake, n'kusadza nthambi zingapo za masamba ambiri. Anazikoka mpaka panjira, n'kuyala zina cha kumtunda kwa geti, zina cha kumunsi, modutsa njira yonse, monga timachitira pakhomo pakagwa zovuta. Atatha anavula chipewa chawo n'kuchigwira pachifuwa.

"Limbani," anaitana modekha, "iwe ndi anzako tayani zimene zili m'manjazo. Thamangani kutchalitchi mukabwereke mabenchi. Pakhomo pano pagwa zovuta, alendowa akhala pati?"

"Bambo, anthuwa akutinyoza!"

"Ndati mabenchi. Anthu amene asenza maliro ndi adzukulu. Unaona kuti, iwe, anamfedwa akugenda adzukulu?"

Limbani anaima kanthawi, akupuma ngati wathamanga. Kenaka chidutswa cha njerwa chinagwa pansi kuti phi, ndipo iye ndi anzake anatuluka pageti, akudutsa pakati pa adani awo osayang'ana kumbali.

A gulu la Yobu anasowa chochita. Ena ankafuna kuyambiranso nyimbo, koma inkangofera pakhosi. Ndiye kunatulukira bambo wina wa makala, wochokera kutali ndithu, matumba atasanjikizana panjinga. Iyeyu za ndale zathu sankazidziwa. Anangoona masamba panjira, anaona bokosi, anaona mdala atavula chipewa. Anatsika panjinga, anavula kapusi yake yakuda bii, n'kumakankha njingayo pang'onopang'ono. Podutsa pafupi ndi Yobu anawerama pang'ono n'kunena chapansipansi, "Pepani, pepani ndi zovutazi."

Palibe anaseka. Ndinaona dzanja la mnyamata wina likukwera lokha kukachotsa kapusi kumutu, mwini wake asanaganize n'komwe. Mnzake anatsatira. Mapeto ake Yobu yemwe anavula yake n'kumaipinda m'manja.

Pamenepo m'nyumba munatuluka Anangozo, akazi awo a Atcheya, maso ali psuu.

"Abambo, mutu ukuyenda bwino? Masamba panjira, pakhomo panga pano? Mukulaula yani?"

Atcheya anawayandikira n'kulankhula motsitsa, koma ine wa kumpanda ndinamva. "Anangozo, ndiloleni anthuwa akhale pansi. Munthu wokhala pansi sagenda."

Mayiwo anabwerera n'kukaima pakhomo la nyumba, manja atapinda pachifuwa, nkhope ikunena kuti nkhaniyi tidzaikamba alendo akapita.

Mabenchi atafika, Atcheya anakhazika anthu monga mwa mwambo, amuna uku, amayi pa mphasa cha kukhonde. Anandiona ndikusuzumira pobooka paja. "Aneba, inu olemba m'nyuzi, musaonere pa mpanda ngati nkhuku. Bwerani mukhale kutsogolo kuno." Ndinapita, nsapato imodzi yopolisha, inayo ayi.

Kenaka mdalayo anaima pafupi ndi chikatoni, anatsokomola pang'ono, n'kuyamba ndi mawu enieni a pamaliro.

"Zikomo akuluakulu nonse. Zikomo amayi. Zikomo adzukulu athu amene mwasenza mtembowu kuchokera kumsika osatopa. Ine ndaima pano kuti ndipereke mbiri ya malemu, poti ndine ndinawalera.

"Malemuwa anabadwira pansi pa mango uyu, chaka chija tinavota kuti zipani zikhale zambiri. Anabadwa ofooka. Pa chisankho choyamba anakhala kumchira kwenikweni. Mavoti amene tinapeza pasukulu apa anachepa kuposa anthu a mukomiti yathu. Mpaka lero ndikufufuzabe kuti anatigulitsa ndani."

"Musavutike n'kufufuza," anatero mawu ochokera pakhomo la nyumba. Anali Anangozo, manja akadali pachifuwa. "Mmodzi ndine. Munthu wanu uja anachita kutitumizira a kulikulu, njira ya ku Kawale ankachita kufunsa. Ndikanamuvotera chifukwa chiyani?"

Anthu anayesa kudzigwira, poti pamaliro saseka, koma zinakanika. Ngakhale Limbani anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

"Mwamva nokha," anatero Atcheya. "Mfiti ya malemuwa inali m'nyumba momwemo. Tipitirize. Phungu woyamba wa dera lino atatisiya, kunabwera chisankho chapadera. Ulendo umenewo a kulikulu anatitumizira nsalu. Tinagawa, tinaona amayi atavala mbuu msika wonse, ife n'kuti basi tawina. Tinaiwala kuti mayi wa ku Kawale ali ndi nsalu za zipani zonse m'sutikesi, ina yoberekera mwana, ina yotchinga pawindo. Tinakhala achitatu.

"Lero, pa chisankho chachitatu, takhala achiwiri. Tsono adzukulu, ndithandizeni nzeru. Ine ndaika anthu ambiri m'moyo mwanga. Wodwala amayamba ali wonenepa, n'kumaonda, n'kumaonda, mpaka kutisiya. Koma uyu anayamba kumchira, kenaka wachitatu, lero wachiwiri. Ndi matenda anji amene amapha munthu akunenepa?"

"Komabe mwaluza, madala!" anatero Yobu, koma mawu ake anali atachepa.

"Taluza, mwana wanga, ndipo inu mwawina. Ndanena pamaso pa anthu onsewa, ndipo aneba alemba. Za bokosizi ndinayamba ndine pabwalo la sukulu. Pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Mwandibwezera mawu anga, ndawalandira."

Apa mdalayo anayang'ana pansi pamene panali chikatonicho, ndipo atayambanso kulankhula, mawu anali ena.

"Koma pali chimodzi. Bokosi lomaliza kukhala pamalo mwaika ichi linali la mwana wanga Esinati, dzinja lathali. Mukukumbukira mvula yake. Lole yopita ku Ntcheu inakanika kulowa kuno chifukwa cha matope, ndiye munamusenza pamapewa mpaka kumsewu wa tala. Iwe Yobu unagwira kumutu, mbali ya kumanja. Nsapato yako inatsalira m'matope paja pa ngalande, ndipo sunabwerere kukaitenga. Kumanzere kwako anagwira ndi Limbani. Tsiku limenelo ine sindinakufunse khadi la chipani."

Anangozo anakokera chitenje kumaso n'kulowa m'nyumba. Esinati tonse tinkamudziwa, mtsikana wansangala amene ankaluka anzake tsitsi pakhonde lomwelo. Apa ndi pamene misozi inalengeza m'maso mwanga, ndipo sindinali ndekha.

Yobu anakhala chiweramire nthawi yaitali. Kenaka anaimirira, anapita pa chikatoni chija, n'kuchotsa chitenje. Anachikutumula fumbi, anachipinda bwinobwino monga amapindira malaya a kaunjika a mtengo wapamwamba, n'kupita nacho pakhomo la nyumba. Anagwada.

"Amayi," anaitana. "Amayi, tikhululukireni. Ife timangoti ndi zocheza. Sitinaganize."

Patapita kanthawi Anangozo anatuluka, maso ali ofiira. Analandira chitenjecho ndi manja awiri, n'kuchitembenuza uku ndi uku.

"Nsalu yabwinobwino kumaikhwekhwereza m'fumbi," anatero. "Unaitenga kuti?"

Yobu anakanda m'mutu. "Ndi ya akazi anga, amayi."

Chikhakhali chimene chinabuka pamenepo chinamveka mpaka ku Biwi. Mkulu wa achinyamata a chipani chowina, m'nyumba mwake momwe muli nsalu ya chipani cha Atcheya! Mdalayo anangotambasula manja ngati mlaliki amene vesi lake latsimikizika lokha.

M'katonimo, titatsegula, munali thunthu la nthochi. Malemuwo anadyedwa ndi mbuzi za kuseri kwathu dzuwa lisanapendeke.

Tsono, abale anga, chichokereni pa maliro amenewa mutu wanga sunapume.

Kuvota tinaphunzira msanga. Tikudziwa kudzuka m'mamawa, kuima pamzere m'chisanu cha mwezi uno, kuviika chala mu inki. Pa zimenezo takhoza. Koma kuluza tikadali sitandade wani, ndipo kuwina ndiye sitinalembetse n'komwe sukulu yake.

Tidzudzulane bwanji? Zaka zonse zija za chipani chimodzi, ndani anatiphunzitsa kuluza? Nthawi imeneyo munthu wogwa pa ndale sankabwerera kunyumba kukakhoma ndowa. Ankangosowa, ndipo dzina lake tinkalitchula monong'ona. Tinakula tikudziwa kuti kugwa pa ndale ndi imfa. N'chifukwa chake mpaka lero wowina amathamangira kukasaka bokosi, woluza n'kuthamangira ku mulu wa njerwa. Onse awiri akukhulupirira bodza limodzi, loti chisankho ndi chomaliza.

Atcheya anakana bodza limenelo ataima pafupi ndi bokosi lawo lomwe. Mbiri imene anapereka ija, mukaimvetsa bwino, si mbiri ya womwalira. Ndi mbiri ya anthu ouma mutu amene agwa katatu, ndipo ulendo uliwonse adzuka ataphunzirapo kanthu. Ulendo woyamba anaphunzira kuti munthu wochita kutumizidwa kuchokera kulikulu savoteredwa ngakhale ndi mkazi wa tcheya. Ulendo wachiwiri anaphunzira kuti nsalu sivota, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ulendo uno aphunzira kusunga pakamwa. Kodi sukulu imeneyi ndi yochititsa manyazi?

Ndipo inu a chipani chowina, mukanakondwa kuti nthambi ya Atcheya ifedi? Taganizani bwino. Phungu wanu watsopanoyu akadziwa kuti kumbuyo kwake kulibe womupumira m'khosi, mudzamuonanso liti kuno? Ngalande ija inameza nsapato ya Yobu adzaikumbukira? Chimene chidzamubweretse ku Kawale si chikondi ayi. Ndi mbendera yosuluka ija ili pa mango, yomukumbutsa kuti wachiwiri ali pafupi ndipo akunenepa.

Mawu anga ena apite kwa mabwana a kumalikulu a zipani zonse. Inu mukaluza mumaitana atolankhani kuhotela, mumavala mataye, mumapita kukhoti. Mukawina mumakwera galimoto zatsopano. Zonsezo n'zanu, sindikukuletsani. Koma mawu amoto amene mumalankhula pa nsanja, amene amatsala nawo ndi anthu a m'nthambi. Iwowa ndiwo amakumana ndi mdani wa chipani pa mpopi, pa chigayo, m'minibasi, pa mzere wa kuchipatala. Inu mdani wanu mumamuonera pa chithunzi cha m'nyuzi. Atcheya mdani wawo amagula mbaula kwa iwo.

Ndinawafunsa Atcheya Lolemba ngati wina wa kulikulu wabwera kudzawapepesa, kapena kudzawathokoza kuti nthambi yawo yakwera kufika pachiwiri.

"Aneba," anaseka, "amene aja amabwera kukakhala gule. Panopa ng'oma zapachikidwa. Tidzawaona fumbi la kampeni likadzayambanso."

Zimenezi zimandipsetsa mtima. Chipani si suti ya mtsogoleri. Chipani ndi mdala amene amakwera mu mango kukamangirira mbendera mphepo ikaigwetsa, popanda womutuma. Mukafuna kudziwa ngati chipani chili moyo, musawerenge galimoto za pa msonkhano. Pitani m'makwalala patatha sabata chiluzireni, mukaone ngati mbendera zikadali m'mitengo.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti dera lililonse kumene kwavuta, anthu azithyola masamba n'kuyala panjira. Maliro si choseweretsa, ndipo Anangozo sanalakwe kukwiya. Ndikunena pano sanawakhululukire kwenikweni amuna awo. Lamulungu anaitana akulu a mpingo kudzapemphera pakhomopo, ndipo Atcheya anagwada nawo osatsutsa. Komanso nzeru ija ikanatha kulephera. Pakanangopezeka mmodzi woledzera kwambiri, kapena mmodzi wochokera kutali amene sanamudziwe Esinati, bwenzi lero ndikulemba nkhani ina.

Koma sinalephere, ndipo chifukwa chake ndi chimene chikundipatsa chiyembekezo. Masamba aja anagwira ntchito chifukwa pansi pa malaya a zipani, Yobu ndi Limbani akuopabe zinthu zofanana ndipo akulemekezabe zinthu zofanana. Ife a m'tauni tinasiya abale athu ku Dedza, ku Ntcheu, ku Dowa, ku Mchinji. Zovuta zikagwa usiku, m'bale wako weniweni ndi amene wagundana nawe mpanda, kaya anavotera yani. Akulu anati maliro n'kulirana, ndipo sanawonjezere kuti koma a chipani chimodzi.

Ndale za zipani zambiri zikadali mwana wakhanda m'dziko muno. Ena akuti mwanayu sakula, tawonani mmene tikumenyeranamu. Ine ndikuti bwerani ku Kawale. Ndaona ndi maso anga munthu woluza akunena pagulu kuti taluza, ndipo dziko silinathe. Ndaona wowina akugwada pakhomo pa woluza. Zaka khumi zapitazo, ndani akanalota zoterezi?

Dzulo madzulo pansi pa mango panali msonkhano wa nthambi. Ndinamva pa mpanda, poti khalidwe losuzumira sindinalisiye. Akukonzekera kale chisankho cha makhansala, chija akhala akutilonjeza chaka ndi chaka. Anangozo anawauza kuti akaimikanso mlendo, voti yawo aiiwale. Atcheya analonjeza kuti ulendo uno za mabokosi sazitchulanso. Tiona ngati magazi a Chingoni adzamvere.

Koma chithunzi chimene chakanirira m'mutu mwanga ndi cha Loweruka lomwe lija, mwambo utatha. Atcheya anachotsa masamba panjira n'kulengeza kuti mabenchi abwerere kutchalitchi, ndipo poti adzukulu sachoka ntchito isanathe, a chipani chowina anyamule nawo. Benchi la tchalitchi chathu ndi lalitali, la thabwa lolemera, losatheka munthu mmodzi. Lomaliza linatsalira Yobu ndi Limbani.

Anayang'anizana. Kenaka wina anagwira uku, wina uko.

Ndinawatsatira ndi maso mpaka pakona. Njira yonse ankakangana. "Munabera inu!" "Tinabera chani, aise, anthu sakukufunani basi!" "Udzaona ulendo winawo!" "Tidzaonana komweko!" Mawu anali okwera, mitsempha ya m'khosi ili tototo. Koma palibe anatula mbali yake pansi, ndipo pofika pa ngalande paja, Limbani anaima kudikira kuti mnzakeyo aponde bwino.

Magalasi a mawindo anga onse ali bwinobwino, ndipo njerwa za Atcheya zikudikirabe khitchini.

Tsono inu amene sabata ino mwabisa chidutswa cha njerwa kuseri kwa mpanda, ndi inu amene mukusakasaka katoni yoti mukatule pakhomo pa mnzanu, tamuyang'anitsitsani munthuyo musanachite. Tsiku lanu likadzafika, mvula itagwa, lole itakanika kulowa, kodi si yemweyo amene adzagwire kumutu?